Betta ikhale ndi yani m'thanki?

Alendo ambiri akalowa pabalaza pathu kuno ku Chitakale, kunsi kwa phiri la Mulanje, sathamangira kukhala pansi. Amayamba aima pakona pamene pali thanki yagalasi, n'kuwerama, kuyang'anitsitsa kansomba kofiira kamene kamasambira mwaulesi kakukoka mchira wake wautali. Akatha kusirira, funso limakhala limodzi: "Kali kokhakokha?" Azakhali anga, amene sadziwa kubisa mawu, anachita kundidzudzula. "Mwanawe, nkhanzatu izi. Kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Kapezere kanzake." Ndinawayankha mwaulemu kuti mwambiwo ngoona, koma akaka n'kanyamadi. Anaseka koma sanakhutire, ndipo ndikudziwa kuti ambiri amene agula nsomba imeneyi ku Blantyre kapena m'magulu a pa WhatsApp ali ndi mtima womwewo wa azakhali.

Nsombayi imatchedwa betta, ndipo zokhala ndi mnzake ilibe nazo ntchito. Chisoni chimene timaimvera n'chathu, ife anthu amene sitinazolowere kudya nsima patokha. Ukafuna kuiikira nsomba zina, ukuchitira maso ako, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Thanki ya nsomba zingapo imakoma kuyang'ana. Koma ndiye usamafunse kuti bwenzi lake akhale ndani. Funsa kuti ndi nsomba iti imene betta ingaione n'kuidutsa osailabadira, imenenso singaiputeyo, imene ingapirire madzi omwewo, kuzizira kwa kuno kunsi kwa phiri, ndi magetsi athu.

Kwawo kwa betta ndi ku Thailand, dziko limene kale linkatchedwa Siam, m'zigwa za mitsinje ya Chao Phraya ndi Mekong. M'mitsinje ikuluikuluyo simo imakhala. Imakhala m'minda ya mpunga, m'madambo ndi m'ngalande, m'madzi osaya, ofunda, odzaza udzu, oyenda pang'ono kapena osayenda n'komwe. Madzi otere amakhala ndi mpweya wochepa, ndiye betta ili ndi chiwalo china m'mutu, chotchedwa labyrinth, chimene chimaithandiza kumeza mpweya wa pamwamba pa madzi. Kwa amene anakulira kufupi ndi nyanja ya Chilwa zimenezi si zachilendo. Mlamba nawo umapuma mpweya wakunja, n'chifukwa chake umapezeka wamoyo m'matope madzi ataphwa, n'kufika pamsika ukuphiriphithabe.

Kwa mibadwo yambiri anthu a ku Siam ankaweta nsombazi kuti azizimenyanitsa n'kumabetcherana ndalama, ndipo zoberekana ankasankha zolusa kwambiri. Zamichira italiitali zimene timagula lerozi zinabwera pambuyo, anthu atayamba kuweta zokongoletsa m'nyumba, koma ukali uja sunachoke m'magazi. Dzina lakuti Betta splendens analipereka katswiri wa nsomba wa ku Britain, Charles Tate Regan, mu 1910, ndipo mu 2019 boma la Thailand linaisankha kukhala nyama ya m'madzi yoimira dziko lawo. Ikakula yonse ndi masentimita 6 kapena 7 basi, ndipo moyo wake nthawi zambiri ndi zaka ziwiri mpaka zinayi.

Ukafuna kuidziwa, ika kagalasi kodziyang'anira pambali pa thanki kwa kamphindi. Imaima, n'kutembenuka, kenaka zivundikiro za m'mbali mwa mutu zimatseguka n'kuima njo, pansi pa chibwano n'kutuluka kachikopa kakuda, zipsepse zonse n'kutambasuka mpaka nsomba kuoneka ngati yakula kawiri. Mtundu wake umachita kupsa. Imayenda chammbali ikugwedeza thupi, kumenya madzi ndi mchira, ndipo ukachotsa galasilo imazungulirabe pamalopo kufunafuna mdani uja. M'mawa wina umapeza pakona, pansi pa tsamba loyandama, pali thovu lounjikana, timibulu ta mpweya timene yaimuna yamata ndi malovu ake kamodzikamodzi. Chimenecho ndi chisa. Yaikazi ikaikira mazira, yaimuna ndiyo imawatola ndi kamwa n'kukawalavulira m'thovumo, n'kuthamangitsa mayi wa anawo, n'kulondera yokha mpaka ataswa. Nyama yothamangitsa ndi mkazi wake yemwe, ndiye tiziti ikusowa wocheza naye?

Choncho zoika zazimuna ziwiri pamodzi tisakambe n'komwe. Atambala awiri salira m'khola limodzi. M'munda wa mpunga yogonja imathawira mu udzu nkhani n'kuthera pomwepo, koma m'galasi mulibe kothawira. Yaimuna ndi yaikazi nazonso ayi, kupatula masiku ochepa oberekana, pamaso pa munthu wodziwa zimene akuchita. Pa intaneti muona anthu akuonetsa mathanki a zazikazi zokhazokha, zisanu kapena kuposa. Zimatheka m'thanki yaikulu yodzaza zomera, koma mtendere wake ngosadalirika, ndipo kwa munthu amene akuyamba kumene ine ndimati ayi.

Mmalawi akamva zonsezi amafika pa ganizo limodzi: nanga bwanji osaikamo nsomba zathu? Achimwene anga amene amagwira ntchito ku Mangochi anachita kulonjeza. "Ndikubweretsera mbuna zabuluu, mng'ono wanga, uone kukongola kwenikweni, osati zachizungu zakozi." Kunyada kwawo kuli ndi pogwira. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere, mazanamazana a mitundu imene siipezeka kwina kulikonse, ndipo ndi nsomba zimenezi zinachititsa kuti Lake Malawi National Park, ku Cape Maclear, ilowe m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Mbuna zathu zili m'mathanki a ku Germany, ku America ndi ku Japan, ndipo eni ake kumeneko amagula mankhwala othira m'madzi kuti afanane ndi a kunyanja kwathu.

Vuto lili pomwepo. Madzi a m'nyanja yathu pH yake, umene ndi muyeso wa asidi m'madzi, imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6, pamene betta imakhala bwino pakati pa 6.5 ndi 7.5. Ndipo ngakhale madzi akanagwirizana, khalidwe silikanagwirizana. Mbuna ndi nsomba za m'miyala, zaliwiro, zokanganirana malo tsiku lonse, zokhala ndi mano opalira ndere pamwala. Betta yamchira wautali imasambira movutikira, imatopa msanga, imakonda kupuma pa tsamba. Mbiri yake ya ndewu isakunamizeni: m'thanki ya mbuna yoyamba kufa ndi betta, mchira utathera m'kamwa mwa anzake. Chakudyanso chimasiyana. Mbuna zambiri zimadya ndere ndipo zimatupa mimba zikamadyetsedwa zanyamanyama, pamene betta ndi yodya tizilombo. Achimwene ndinawathokoza, n'kuwapempha kuti ngati akufuna kundinyamulira nsomba za kunyanja, ukhale usipa wa ndiwo.

Ganizo lina limachokera kwa ana. Iwo amadziwa pamene pali timatemba m'timitsinje totsika m'phiri, ndipo ukangowalola, madzulo abwera nato m'botolo. Matemba ndi nsomba zoyenda m'chigulu, zosakhazikika, zomaliza chakudya betta isanatembenuke n'komwe, komanso nsomba ya kumtsinje imabwera ndi matenda ake. Kamwana ka mlamba ndiye n'koipa koposa, chifukwa pakatha miyezi ingapo kamakhala katameza aliyense m'thankimo. Koma chimene ndimakaniza ndi mawu okweza ndi nkhono za kudambo. Nkhono zina za m'madzi athu, za mitundu ya Bulinus ndi Biomphalaria, ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo. Tizilomboto timatuluka m'nkhonomo n'kumasambira m'madzi, n'kulowa pakhungu la munthu. Thanki ndi madzi ofunda amene umapisamo mkono sabata iliyonse, ndipo ana amaviikamo zala ukangotembenuka. Nkhono ya kudambo ingaoneke yoyera bwanji, isalowe m'nyumba.

Za m'sitolo nazo si zonse zoyenera. Wogulitsa akhoza kukuuza kuti "zonsezi n'zamtendere, bwana," chifukwa m'thanki yake zagona limodzi kuyambira dzulo. Guppy yaimuna ndi yofatsadi, koma ili ndi mchira wotambasuka wamawangamawanga, ndipo betta zambiri zimaiyesa mdani wa mtundu wawo. Tiger barb ndi serpae tetra n'zodziwika ndi kubudula zipsepse za anzawo. Gourami ndi wachibale wa betta, banja limodzi, ndipo nayo imakonda pamwamba pa madzi pamene betta imati ndi pake. Goldfish ndiyo imapezeka mosavuta, koma ndi nsomba ya madzi ozizira, imakula kwambiri ndipo imadetsa madzi kuposa zonse. Ukafunditsa madzi kuti betta isangalale, goldfish ivutika; ukawasiya ozizira, betta idwala.

Zimene zimatheka n'zimene sizikopa maso a betta: zamichira yaifupi, zosaluma, zokhala pansi kapena pakati pa madzi, kusiyira mwini thanki pamwamba.

Mwa zonse ine ndimakonda corydoras, tinsomba ta ndevu ta ku South America. Tsiku lonse tili pansi, mphuno mumchenga, kufwenkhafwenkha, timichira tili m'mwamba. Thupi lake lili ndi timbale tolimba m'malo mwa mamba wamba, ndiye betta ikayesa kujompha siipindula kanthu, ndipo posakhalitsa imasiya. Timafuna kukhala tambiri, 6 kapena kuposa. Apa ndiye pamene mwambi wa azakhali umagwira ntchito, chifukwa kamodzi kokha kamangobisala pansi pa mwala n'kumawonda. Anthu ambiri amagula kamodzi kapena tiwiri kuti "tizisesa m'thanki", ngati kuti tidzakhuta ndi zotsala za betta. Timafuna chakudya chaketo chomira pansi, ndipo ndi bwino kuponyamo madzulo nyale itazimitsidwa, apo ayi betta imatsika n'kudya mpaka mimba kutupa. Pansi pa thanki pakhale mchenga wosalala, osati miyala yakuthwa imene imadula tindevu. Mchenga wa mumtsinje ndi wabwino ukautsuka mpaka madzi atayera kenaka n'kuuwiritsa. Nthawi zina kamodzi kamanyamuka pansipo liwiro mpaka pamwamba, n'kumeza mpweya, n'kubwerera pomwe kanali ngati palibe chachitika. Si matenda. Natonso timatha kupuma mpweya wakunja kudzera m'matumbo. Koma ukaona tonse tikuchita zimenezi motsatizana, dziwa kuti m'madzimo mpweya wachepa.

Kuhli loach ndi yaitali, yopyapyala, ya mizere yachikasu ndi yakuda, moti alendo amaiyesa kanjoka. Imachokera chigawo chomwecho cha Asia, imakonda madzi ofunda omwewo, ndipo imatuluka usiku betta ikugona. Choipa chake n'chakuti ukhoza kutha sabata osaiona, komanso imalowa pabowo lililonse, ndi la fyuluta lomwe, chosefera madzi a m'thanki. Za pakati pa madzi, harlequin rasbora ndiyo ndingailimbikitse: kwawo ndi kumwera kwa Thailand, Malaysia ndi Sumatra, ndi yofiirira yokhala ndi banga lakuda la ngodya zitatu, ndipo ikakhala m'gulu la 8 kapena kuposa imangosamala za anzake. Ember tetra ya ku Brazil, ya masentimita 2 okha, nayo ndi yofatsa. Neon tetra aliyense amaifuna chifukwa cha mzere wake wabuluu wowala. Kwa ena zimayenda, koma imakonda madzi ozizirirapo kusiyana ndi a betta, ndipo ikakhala m'kagulu kochepa imayamba kutsina michira. Nsomba zimenezi sizipezeka tsiku lililonse ku Blantyre kapena ku Limbe. Ukapita n'kupeza kulibe, chiyeso chimakhala chogula zimene zilipo kuti ndalama ya minibasi isapite pachabe. Bwerera chimanjamanja. Betta idikira, ilibe changu.

Ngati thanki ndi yaing'ono, mnzake wotheka ndi nkhono ya m'sitolo yotchedwa nerite. Imapala ndere pagalasi, imabisa thupi m'chigoba ikaputidwa, ndipo ngakhale imamata timazira toyera paliponse, ana ake sakula m'madzi opanda mchere, ndiye siidzadzaza thanki. Shrimp, tinyama ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu, ndi nkhani ina. Tofiira tija totchedwa cherry, kwa betta zambiri ndi ndiwo yodula chabe. Amano shrimp ndi yokulirapo, imafika masentimita 5, ndipo imapulumuka kawirikawiri. Koma kuno chimene chimapha shrimp si betta yokha. Ife timapopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, timayatsa koyilo, timagona m'neti yonyikidwa m'mankhwala, ndipo mankhwala amenewa ndi poizoni woopsa kwa shrimp ndi nsomba zomwe. Sindikuti musiye kudziteteza ku malungo chifukwa cha nsomba. Musanapopere, vundikirani thanki bwinobwino ndi kuzimitsa pampu ya mpweya, ndipo musadule chidutswa cha neti ya udzudzu kuti chikhale chovundikira kapena chowolera nsomba.

Zonse ndanenazi mungazipeze kwina kulikonse. Chimene olemba a kunja sadziwa ndi chiperoni. Mu June ndi July mitambo imabwera kuchokera ku Mozambique, kumene kuli phiri la Chiperone, n'kukuta phiri lathu lonse, Sapitwa osaoneka, mvula yowaza osaleka, zovala osauma pachingwe. Othyola tiyi amapita kuntchito atavala majuzi okhuthala. Usiku wotere madzi a m'thanki yopanda hita, kachipangizo kofunditsa madzi, amatsika pansi pa madigiri 20, pamene betta imafuna 24 mpaka 28. Imakhala pansi itapinda zipsepse, chakudya osachiyang'ana, ndipo pakapita masiku pamatuluka timadontho toyera pathupi, matenda otchedwa white spot. Hita si chinthu chokongoletsa kuno. Kawerengedwe kake ndi pafupifupi wati imodzi pa lita imodzi ya madzi. Ndipo apa m'pamene anzake aja amalemera. Betta yokha ikadwala, ukuchiza nsomba imodzi. Zikakhala zambiri, matenda amagwira zonse, ndiye mankhwala amene angachize imodzi amapweteka ina. Corydoras ndi kuhli sizipirira mchere wambiri kapena mankhwala amphamvu, ndipo mankhwala okhala ndi kopa amapha nkhono ndi shrimp.

Hita nayo imadalira magetsi. Namondwe wa Ana atawononga pa Kapichira mu January 2022, dziko lonse tinazolowera kukhala maola ambiri mumdima. Za Freddy mu March 2023 sindingayerekeze kudandaula za nsomba, pamene Mulanje ndi Phalombe tinaika maliro ochuluka chotere, koma amene anali ndi mathanki anaona zimene zimachitika magetsi akasowa masiku. Pampu ikaima, mpweya m'madzi umayamba kuchepa. Betta imangokwera pamwamba n'kumeza wakunja, monga mmene makolo ake ankachitira m'minda ya mpunga. Corydoras imayesetsako. Rasbora ndi tetra zilibe njira imeneyi, zimangounjikana pamwamba kukamwa kuli yasa. M'fyuluta mumakhalanso mabakiteriya amene amasandutsa zoipa za nsomba, kuchokera ku ammonia wakupha kupita ku nitrite, kenaka ku nitrate amene sapweteka kwambiri. Madzi akaleka kuyenda mabakiteriyawa amayamba kufa, ndipo nsomba zikachuluka ammonia amakwera msanga. Mu October vuto limatembenuka: madzi otentha amasunga mpweya wochepa, ndiye magetsi akazima masana a dzuwa la phwee, thanki yodzaza imavutika kuposa nthawi yachisanu.

Chifukwa cha zimenezi, chiwerengero cha nsomba ine sinditengera matebulo a pa intaneti, amene analembedwera nyumba zosazima magetsi. Ndimawerengera usiku woipitsitsa wa pachaka. Betta yokha, mwina ndi nerite imodzi, ikufuna malita 20, chigubu chimodzi chathunthu, osati kabotolo kamene amaigulitsiramo. Kuti muonjezere gulu limodzi la tinsomba, yambirani malita 40, ndipo 60 ndiye bwino. Magulu awiri, la pansi ndi la pakati, ine ndimasiyira amene ali ndi sola kapena inveta. Madzi ambiri amachedwanso kuzizira, ndiye thanki yaikulu imakhululuka zambiri. Magetsi akazima usiku wozizira ndimafunditsa thanki ndi bulangeti, n'kuyandamitsamo botolo lotsekedwa bwino la madzi ofunda a pambaula, ndipo tsiku limenelo sindidyetsa. Kapampu ka mpweya kolumikiza ku power bank ya foni ndi kotsika mtengo kuposa gulu limodzi la rasbora. Ngati kalibe, tungani madzi a m'thankimo ndi kapu n'kuwathiranso kuchokera m'mwamba, mobwerezabwereza.

Pa madzi, Mulanje ili ndi mwayi. Madzi otsika m'phiri ndi a mvula yodutsa pamiyala yolimba, ndi ofewa, ndipo betta, rasbora ndi corydoras zonse zimawakonda. Nkhono yokha ndiyo imadandaula, chifukwa m'madzi ofewa chigoba chake chimayamba kudyeka n'kuyera kunsonga. Kachidutswa ka chikhokhombe cha dzira chowiritsa bwino kamathandiza pang'ono. Madzi a pamjigo amasiyana dera ndi dera, ndipo a m'timitsinje todutsa m'minda nthawi ya mvula amatha kutenga feteleza ndi mankhwala. Choopsa chenicheni ndi klorini. Amakhala m'madzi a pampopi, komanso kolera ya 2022 ndi 2023 inatiphunzitsa tonse kuthira klorini m'ndowa za madzi akumwa. Kwa anthu ndi moyo, kwa nsomba ndi imfa, ndipo amaphanso mabakiteriya a m'fyuluta aja. Nsomba zikhale ndi ndowa yawoyawo, yosalowa sopo, yodziwika kwa aliyense m'nyumba, ndi mtsikana wantchito yemwe. Madzi a pampopi athiridwe mankhwala ochotsa klorini asanalowe m'thanki. Sabata iliyonse chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi n'kuthiramo ena ofunda mofanana.

Kakonzedwe ka m'kati kamachepetsa ndewu kuposa mmene anthu amaganizira. Betta imathamangitsa chimene ikuchiona, ndiye thanki yopanda kanthu, imene nsomba iliyonse ikuoneka kuchokera kulikonse, ndi bwalo la nkhondo. Dzazani zomera mpaka nsomba yothamangitsidwa izitha kukhota n'kusowa. Java fern ndi anubias, chomera cha kumadzulo ndi pakati pa Africa, sizifuna kuwala kwambiri. Mumangozimangirira pamwala kapena pamtengo. Kamphika kadothi katsopano kogoneka chammbali ndi phanga labwino la corydoras. Thanki yaitali chopingasa imaposa yaitali chokwera, fyuluta ikhale yofatsa, ya siponji, kuti madzi asamakankhe mchira wa betta, ndipo pamwamba pakhale chovundikira chosiya mpata wa mpweya, chifukwa betta imadumpha.

Kenaka pali nkhani ya amene alowe poyamba. Thanki yatsopano imafuna masabata 4 mpaka 6 kuti mabakiteriya akhazikike nsomba zisanachuluke. Anzake aja alowe poyamba, azolowere, adziwe pobisala, betta ilowe pomaliza. Ikapeza ena ali kale imawatenga ngati mbali ya malowo, pamene ikakhala yokha kwa miyezi, aliyense wobwera ndi wolowerera. Ngati betta ili kale m'thanki, itulutseni kwa kanthawi, sunthani miyala ndi zomera, ikani alendowo, ndiye muibwezere. Nsomba zongogula kumene zisalowe tsiku lomwelo; zikhale padera masabata awiri kapena kuposa kuti matenda amene zabwera nawo aonekere. Ndipo chitani zonsezi tsiku limene muli pakhomo, osati Lolemba m'mawa mukuthamangira ku ntchito.

Kutambasula zipsepse ndi kuthamangitsa pang'ono tsiku loyamba si nkhani. Chodetsa nkhawa ndi betta imene yasankha nsomba imodzi n'kumailondola osaleka, kapena rasbora zimene zaunjikana pakona imodzi zitafwifwa mtundu. Yang'aninso mbali inayo, chifukwa wozunzidwa akhoza kukhala betta yemweyo: mchira wong'ambika m'mawa pamene madzulo unali bwino, kubisala kuseri kwa fyuluta, kuopa kukwera kudzadya.

Mungachite zonse molondola n'kukanikabe, chifukwa betta iliyonse ili ndi mtima wake. Ndili nazo ziwiri, m'mathanki osiyana. Yabuluu, imene ili kuchipinda, imakhala ndi corydoras, ndipo nthawi zina kamodzi kamaidutsa pamphuno penipeni iyo n'kungosuntha pang'ono. Yofiira ija inakana ngakhale nkhono. Inkaima pambali pake kudikira kuti itulutse tinyanga, ikatulutsa n'kujompha, mpaka nkhonoyo inasiya kutuluka m'chigoba ndipo ndinaisamutsira kwa yabuluu. Mtundu wa nsomba ndi womwewo, madzi omwewo, chakudya chomwecho. Zamichira yaifupi zotchedwa plakat zimathamanga kwambiri, ndiye zikakhala zolusa zimapweteka msanga. Zamichira italiitali sizigwira anzawo mosavuta koma ndizo zimabudulidwa. Kupitirira apo, m'sitolo simungadziwe kuti mwagula yotani.

N'chifukwa chake musanagule nsomba yachiwiri mukhale mutadziwa kale kumene idzapite zikakanika: kathanki kena, kapena ndowa yoyera ya malita 20 yokhala ndi hita, yoti n'kusungiramo masiku angapo. Funsaninso wogulitsa, ndalama isanachoke m'manja, ngati angalandire nsomba zobwezedwa. Kumtsinje kokha ayi. Mitsinje yambiri ya kuno imathera mu Ruo, Ruo n'kukathira mu Shire ku Chiromo, ndipo tikudziwa kale zimene chamoyo chachilendo chimachita m'madzi athu: namasupuni, amene amatseka Shire n'kusokoneza makina opangira magetsi, kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira m'mayiko ambiri chifukwa anthu ankakonda duwa lake. Nsomba zosafunika perekani kwa wina amene ali ndi thanki; m'magulu a pa WhatsApp sizigona tsiku. Pozinyamula, m'jumbo mukhale madzi gawo limodzi ndi mpweya magawo awiri, mukulunge ndi chitenje kuti mukhale mdima ndiponso musazizire, ndipo m'minibasi ya pa Midima muzinyamule pamiyendo, osazipereka kwa kondakitala kuti aziike kumbuyo pamodzi ndi matumba a nanazi.